Mdzukulu Wosalowa M'dzenje

A Dominiko Nampinga ali ndi zaka 68. Kuyambira 1965 mpaka 1990 anali mkulu wa adzukulu m'mudzi mwathu, m'dera la Kadewere. Adzukulu ndife okumba manda. Sukulu analekeza Sitandade 2. Amalima chimanga, nandolo ndi chinangwa monga wina aliyense. Ku boma sawadziwa. Koma m'mudzi muno mulibe khomo limene sanaliikirepo munthu.

Agogo awo anachokera kwa Apwitikizi, ku Mozambique, wapansi, ana kumsana, mbewu ya nandolo pamutu. A Dominiko anabadwira konkuno. Ali mnyamata anagwirako ku esiteti ya fodya zaka zitatu, anakangana ndi kapitawo, anabwerera kumunda. Anakwatira kamodzi. Ana anabadwa asanu ndi awiri, anakula anayi. Atatu enawo sanawakumbire okha, chifukwa mwambo sulola munthu kukumbira wake. Anawakumbira anzawo, ndipo iwo sanaiwale zimenezo. Ndi munthu wamfupi, wa zikhatho zazikulu. Salankhula kawiri. Akakufunsa kuti wadzuka bwanji, amadikiradi yankho.

Ntchito yawo inkayenda chonchi. Maliro akachitika, ankadula bango n'kukayeza womwalirayo. Kukacha ankatsogola kumanda ndi bango lija, kuligoneka pansi, n'kulemba malire ndi khasu. Amfumu amaloza malo basi, za makasu salowerera. Ife tinkakumba mosinthana. Manda a kwathu ndi dzenje lakuya kupitirira mutu wa munthu, ndipo pansi pake timaboola kachipinda m'mbali, kolowetsamo bokosi, kuti dothi lisagwere pa maliro. Kachipindako ndiye ntchito. Umakumba chogwada, mutu uli m'kati, nthaka yonse ili pamwamba pako.

Lamulo la kumanda ndi limodzi. Mwamuna aliyense wa m'mudzi, kaya mbadwa kaya mkamwini, amalowa m'dzenje. Wosalowa m'dzenje la anzake, anzakenso sadzalowa m'dzenje la pakhomo pake. Silinalembedwe paliponse, koma a Dominiko ankalisunga. Mphunzitsi wina anabwerapo kumanda ndi malaya oyera, manja m'thumba. Anamupatsa fosholo. Anatulukamo wofiira ngati njerwa, ndipo maliro otsatira anabwera atavala kabudula.

Kumapeto kwa manda, kuseri kwa mtengo wa mbawa, kuli mtumbira umodzi umene unalibe mtanda. A Dominiko ankaulambula chaka ndi chaka. Akuluakulu ankadziwa mwini wake koma sankamutchula. Enafe sitinkafunsa.

Tsopano za Gladson. Anali mkamwini. Anachokera ku Mbombwe n'kudzakwatira Nester, mwana wa a Nabanda. Pa adzukulu tonse, wokonda kachipinda anali iye. Ankalowamo akuimba, n'kumatifunsa ali m'katimo ngati tikufuna aikemo windo. Mu 1972 anapita ku migodi ya ku Joni. Anabwerako mu 1975 ndi njinga, wailesi, jekete yachikopa ndi malata ofolera nyumba yonse. Miyendo iwiri, manja awiri, maso awiri. Tinati wayenda bwino.

Maliro oyamba chibwerereni anachitika mu Juni, kukuzizira. Gladson anafika kumanda m'mawa ngati kale. Dzenje litafika m'chiuno, nthawi yake yolowa inakwana. Anatenga piki, anaima m'mphepete, anayang'ana pansi. Kenaka anatula piki n'kumapita, osatsanzika. Maliro achiwiri anaima patali, m'mitengo, atavala jekete ija. Achitatu sanabwere n'komwe.

Wolankhula kwambiri pagulu pathu anali Stanford, mwamuna wamphamvu, wokumba bwino, wa pakamwa posatseka.

"A Joni sabwera lero?" ankatero Stanford. "Asiyeni. Dothi la kwathu lino limadetsa nsapato. Iwo anazolowera la golide."

Tinkaseka, ndipo dzinalo linamera. Ambiri tinati ndi matama a munthu wobwera ndi katundu. Ena anati anakhwimira chuma, ndipo sing'anga anamuletsa kuponda m'manda. Ena anati ndi chamba. Ine ndinali m'gulu lonena kuti ndi matama.

A Dominiko sanaseke, sanatsutsenso. Anangoti, "Wamatama satuluka thukuta m'mawa wa Juni." Sitinalabadire.

Tsiku lina masana anapita kwa Gladson ngati wokabwereka mwala wonolera makasu, chonsecho wawo anali nawo. Anapeza nyumba yofoleredwa ndi udzu. Malata aja, amene anakhala padenga miyezi yowerengeka, anali atasanjidwa kuseri, pansi pa mtengo wa mapeyala. Pakhonde panali mphasa ndi bulangete. Gladson anawalandira bwino, anawapatsa mpando, iye n'kukhala pansi, msana kukhoma, maso kunjira. Ali m'kati mocheza za mbewu, peyala linagwera pa malata paja. Phokoso lake aliyense amalidziwa. Nkhuku sizinathawe n'komwe. Koma Gladson anali chafufumimba, manja atagwira kumutu. Anadzuka n'kuyamba kukalipira Nester kuti bwanji sathyola mapeyala. Kenaka maso anangoti dwii pansi. A Dominiko anamuitana kawiri. Sanamve.

Nester anawaperekeza mpaka pamphambano.

"Malatawo anatsitsa ndani?" anafunsa a Dominiko.

"Eni ake. Akuti mvula ikamagwa amamva ngati miyala."

"Amagona?"

"Pakhonde. Nako si kugona. Akangotseka maso amafuula dzina la munthu woti sindimudziwa."

"Unamufunsa?"

"Ndikatchula za ku Joni amatuluka. Wailesi anapatsa mlamu wawo. Mwana akalira amakwiya, akatero amakakhala okha kuseri mpaka dzuwa kulowa. Amayi akuti ndiwauze azipita kwawo, atichititsa manyazi kumanda. Ine ndinakwatiwa ndi munthu woseka, bambo. Amene anabwerawa sindikuwadziwa."

"Usamuthamangitse. Ndipo akafuula usamugwire. Uzimutchula dzina uli patali."

"Mukudziwa chimene chikuwavuta?"

"Ndinachionapo," anatero, n'kumapita.

Panali chinanso. Gladson ankayenda ndi kandodo. Polowa m'tchalitchi, m'sitolo, ngakhale m'chigayo, ankagogoda pamwamba pa chitseko kawiri, kupendeketsa mutu ngati akumvetsera, kenaka n'kulowa. Akalowa ankakhala pafupi ndi khomo. Onena za kukhwima aja ankati umboni ndi umenewo, akugogodera mizimu yake kuti itsogole.

A Dominiko anakwera njinga mpaka ku Namadzi. Kumeneko kunali Che Shabani, telala wa pakhonde la sitolo, amene anagwira mgodi umodzi ndi Gladson.

"Mwabwera kudzandiyeza?" anatero Che Shabani atawaona. "Bwererani, achimwene. Bango lanu silindikwana, ndipo ife Asilamu timaikana tokha."

"Ine ndimayeza kamodzi, palibe anadandaulapo. Inu mumayeza katatu, thalauza n'kuperewerabe."

Anaseka onse. Kenaka a Dominiko anafunsa za kandodo kaja. Che Shabani anaimitsa makina.

"Kumeneko ndiye kufunsa thanthwe. Pansi paja, musanayambe ntchito, mumagogoda denga ndi chitsulo. Likalira ngwe ngwe, ndi lolimba. Likalira ngati ng'oma, thawani. Akuchitabe zimenezo?"

"Ndi m'tchalitchi momwe."

Che Shabani anafotokoza. Anali anthu asanu m'kanjira kopapatiza, koti suimirira, umagwira chogwada. Denga linatsika. Atatu anafera pomwepo. Gladson anatsala mumdima ndi mnzake Sabiti, mnyamata wa ku Mangochi, amene anapanikizika kuseri kwa miyala. Anakhala masiku awiri. Gladson ankafukula ndi manja kuti amufike. Tsiku loyamba Sabiti ankayankha. Lachiwiri anasiya.

"Titamutulutsa Gladson analibe zikhadabo," anatero Che Shabani. "Achipatala anamumanga zala, anati thupi lili bwino. Patatha sabata ziwiri anabwerera pansi, poti kontiraki inali isanathe."

"Bwanji sanena?"

"Anene chiyani? Mwamuna wobwera ndi njinga aime pagulu n'kunena kuti akuopa dothi?"

Apa a Dominiko analakwitsa, ndipo amavomera okha. Sanatiuze. Anati nkhaniyo ndi ya mwini wake. Anapita kwa Gladson kumunda n'kumuuza kuti aonana ndi Che Shabani. Gladson anati, "Ndili bwino, bambo," n'kupitiriza kupalira. A Dominiko sanakakamize. Anangoyamba kumusiyira makasu a adzukulu kuti azinola kunyumba. Makasu ankabwera akuthwa ngati lumo, koma wonola sitinkamudziwa. Chaka chinatha. Mkwiyo wathu sunathe.

Mu Febuluwale 1977 a Nabanda anamwalira. Anali mayi wosalakwira munthu pa nkhani ya maliro. Ankaphika, ankatunga madzi, ankagona pasiwa. Koma khomolo linali la apongozi a Gladson, ndipo ife tinkadikira tsiku lotere. M'mawa tinafika kumanda anthu khumi ndi awiri. Mvula inali itagwa dzulo lake. A Dominiko anagoneka bango, analemba malire. Palibe anadzuka. Makasu tinaunjika pansi pa mtengo n'kukhala pamizu.

Kumudzi bokosi linali litakhomedwa kale, alendo atadzaza bwalo. Maliro a m'dzinja sadikira. Atsibweni a Nester anali atanena poyera kuti adzukulu akakana, mkamwiniyo anyamule njinga yake tsiku lomwelo, mkazi ndi ana asiye.

"Kodi makasu adwala?" anafunsa a Dominiko.

"Lamulo ndi lanu lomwe, madala," anayankha Stanford. "Amene munalowetsa aphunzitsi m'dzenje ndinu. Kapena lamulo limaopa jekete?"

A Dominiko anavula malaya, anatenga khasu n'kuyamba okha. Anali ndi zaka 53. Tinawaonerera mpaka dzenje linafika m'mawondo. Kuonerera mkulu akukumba yekha n'kowawa kuposa kukumba, koma tinalimba mtima.

Dzuwa litakwera, Gladson anatulukira atanyamula tambala wopepesera, monga mwa mwambo. Anagwada patali ndi dzenje, cha kumitengo.

"Ndalakwa, akuluakulu. Landirani."

"Taonani, a Joni njira ya kumanda akuidziwa," anatero Stanford. "Tambalayo abwerere. Ife sitinadzere ndiwo kuno. Lowani umo muchotse mafosholo khumi. Khumi okha. Mukatero ife tipitiriza, apongozi anu agone."

Gladson anayang'ana dzenje lija. Milomo inayera. Anayamba kumasula nsapato.

"Vala," anatero a Dominiko ali m'dzenje. "Uyu salowa."

"Chifukwa?" anafunsa Stanford.

A Dominiko anatuluka, anapukuta manja, analoza mtumbira wopanda mtanda uja.

"Uyo ndi Mikaele, mkulu wanga. Anapita ku nkhondo ndi asilikali a Keyala, mpaka ku Bama. Anabwera mu 1946 wopanda bala. Mphezi ikang'anima ankalowa pansi pa nkhokwe. Fungo la nyama yowotcha linkamusanzitsa. Sankagona. Ankakhala msana kukhoma, maso kunjira. Tinati ndi misala. Tinamumanga ndi luzi, ineyo ndinagwira miyendo. Tinamutemera, tinamufukiza. Ana ankamuombera zitini kumbuyo kuti aone akudumpha, akulu n'kumaseka. Mu 1948 tinamupeza atadzimangirira mumtengo. Adzukulu anakana kukumba. Ndinaphwanya mwambo, ndinakumba ndekha apo. Ndiwo manda anga oyamba."

Kenaka analoza Gladson.

"Zimene ndinaona mwa Mikaele ndaziona mwa uyu, chimodzichimodzi. Thupi linabwera, munthu anatsalira komweko. Waulesi akathawa ntchito amakapuma. Uyu akathawa pano sapuma. Zimene zinachitika ku Joni anena yekha akafuna. Koma wachiwiri ine sindikumbira kuseri kwa mbawa."

Stanford anakanda kumutu. Si munthu woipa, koma sagonja msanga.

"Pepani za achimwene anu, madala. Koma iwowo anaona nkhondo. Awa anaona chiyani? Mabanzi ndi sitima."

A Dominiko anabwerera m'dzenje. Ine ndinadzuka, ndi anzanga awiri. Sikuti ndinakhulupirira. Mkuluyo anali akupuma movutika, ndipo ndinachita manyazi. Ena asanu ndi atatu anakhalabe pamizu. Dothi la m'dzinja limamata ku khasu, ndipo anthu anayi ndi ochepa. Mthenga anabwera kawiri kuchokera kumudzi kudzafunsa ngati nyumba ya malemu yatha. Kawiri konse anabwerera wopanda yankho.

Dzuwa lili paliwombo, dzenje linapitirira mutu, ife titatheratu. A Dominiko anagwada kuti ayambe kachipinda. Gladson anali atasendera pang'ono, ataima pafupi ndi mulu wa dothi limene tinatulutsa, tambala ali m'khwapa. Pamenepo dothi lonyowa linagumuka m'mphepete, lodzaza lichero limodzi basi, n'kugwera pamsana pa a Dominiko. Zimachitika pa manda alionse a m'dzinja. Umangodzikutumula n'kupitiriza.

"Basopa!" anakuwa Gladson. Ndi mawu ochenjeza a kumgodi.

Tambala anauluka. Gladson anadziponya pa mulu uja n'kuyamba kufukula ndi manja, mwachangu choti sindinaonepo.

"Sabiti! Sabiti, yankha! Ndafika, aise, ndafika!"

Pa mulupo panalibe munthu. Panali miyala ndi mizu, ndipo zala zinayamba kutuluka magazi. Iye sanamve. Maso anali otsegula koma sankationa.

Stanford anathamanga kuti amugwire.

"Usamugwire!" anatero a Dominiko.

Tinawakoka m'dzenje. Anakakhala pansi patsogolo pa Gladson, patali pang'ono, n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono ngati munthu wowerenga mbuzi polowa m'khola.

"Gladson. Ndine Dominiko. Sindinavulale. Kuno ndi kunja, dzuwa ilo. Gladson. Dzutsa mutu. Ukuona chiyani uko?"

Anabwereza kasanu, mwina kasanu ndi kamodzi. Manja aja anayamba kuchedwa, kenaka anaima.

"Phiri," anatero Gladson.

"Phiri lanji?"

"La Chiradzulu."

"Ku Joni liliko?"

"Kulibe."

"Ndiye uli kuti?"

"Kwathu."

Anayang'ana zala zake nthawi yaitali. Kenaka anati, osayang'ana munthu, "Panatsala mwala umodzi kuti ndimufike." Ndizo zonse zimene ananenapo pamaso pathu za ku Joni.

Stanford anaima pomwepo, manja ali lende. Munthu angathe kunamizira mutu kapena msana. Zimene tinaona pa mulu paja palibe anganamizire. Stanford anavula malaya, anang'amba mkono wa malayawo n'kupatsa a Dominiko kuti amange zalazo. Anatola piki.

"Chokanipo apa, nkhalamba inu, mukuchedwetsa maliro," anatiuza. Analumphira m'dzenje n'kulowa m'kachipinda yekha. Ena onse anadzuka pamizu paja.

Tinaika a Nabanda cha m'ma 4 koloko, mvula isanagwe. Tambala uja Stanford anamuthamangitsa m'manda monse mpaka anamugwira, n'kukamubweza kwa Nester. Anati adzukulu sadya nkhuku yothawa. Atsibweni aja sanatchulenso za njinga.

Tikutsuka makasu kumtsinje, a Dominiko anagamula.

"Lamulo silinasinthe. Mwamuna aliyense agwira ntchito ya manda. Koma ntchito ya manda si dzenje lokha. Gladson ndi wa pamwamba. Zingwe zotsitsira bokosi n'zake. Mitengo yotsekera kachipinda adula ndiye. Makasu anola ndiye, monga wakhala akuchitira chaka chonsechi inu osadziwa."

Stanford anayang'ana khasu limene linali m'manja mwake, anayesa kuthwa kwake ndi chala.

"Ndimati mwapeza mkazi wachiwiri wodziwa kunola," anatero.

Wina anafunsa, "Nanga wina akanamizira kuti nayenso watsalira?"

"Ndimuona. Maso ndili nawo."

Wina anayesadi chaka chotsatira. Anati nayenso dothi layamba kumuopsa. A Dominiko anamufunsa ngati amagona bwino. Anati amagona tulo tofa nato. Anamufunsa ngati kumowa amakhala pafupi ndi khomo. Anati amakhala pafupi ndi mbiya. Anamupatsa fosholo.

Gladson sanachire tsiku limenelo, ndipo a Dominiko sanalonjeze kuti adzachira. Miyezi yoyamba ankabweretsa zingwe ndi mitengo n'kukaima patali. Palibe ankamuitana kuti asendere. Anasendera yekha, maliro ndi maliro, mpaka anafika m'mphepete. Kumeneko kugogoda kuja kunapeza ntchito. Amatenga nsungwi yaitali n'kugogoda makoma a dzenje ali pamwamba. Akati tulukani, timatuluka. Nthawi zambiri sipagwa kanthu. Timasuta fodya n'kubwereramo, osamuseka. Kawiri khoma linagumukadi titangotuluka, ndipo ulendo umodzi wotsiriza kutuluka anali Stanford.

Tsiku lina a Dominiko anang'amba dala thalauza lawo n'kutuma Gladson kuti akasoketse kwa Che Shabani. Anachedwa kubwerako. Kuyambira pamenepo ankapita ku Namadzi pafupifupi Loweruka lililonse, wopanda chosoketsa. Zimene ankakambirana awiriwo sitidziwa. Nester akuti patapita zaka ziwiri anayamba kugona m'nyumba nyengo ya chilimwe, chitseko chili chotsegula. Anabereka ana ena atatu.

Cha m'ma 1987, nkhondo itakula ku Mozambique, abale a anthu ena a kuno anathawira m'midzi mwathu. Mayi wina mwa iwo ankagwetsa ndowa n'kuthawira m'chimanga galimoto ikaphulitsa pamsewu. Amayi a pachitsime ankaseka. A Dominiko anamuona kamodzi, anakauza Nester. Nester anapita pachitsime n'kulankhula ndi anzake. Kusekako kunatha. Anayamba kumusiyira malo otungira oyang'ana kumsewu, kuti aziona chimene chikubwera.

Mkulu wina wogwira ntchito pachipatala chaching'ono atamva nkhaniyi, anauza a Dominiko kuti vutoli m'mabuku lilimo, lili ndi dzina lalitali lachizungu. Anati zizindikiro zake ndi zomwezo: kudzidzimuka, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, kupewa chilichonse chokumbutsa, ndi kuona zakale ngati zikuchitika pompano. A Dominiko anamvetsera mpaka kumapeto.

"Chabwino kuti analemba," anatero. "Ife timati kutsalira."

Mu 1990 mawondo anawakana. Anaitana adzukulu onse pakhomo pawo, anadula bango latsopano n'kulipereka kwa Gladson.

"Mkulu wa adzukulu wosalowa m'dzenje!" anatero Stanford, imvi zili mbuu. "Midzi ina itiseka, madala."

"Iseke. Ukufuna ndipatse iwe?"

"Ine? Ndingayeze munthu n'kumuchepetsa mapazi. Apatseni a Joni."

Nkhani inathera pomwepo.

A Dominiko tsopano amakhala pakhomo, kupota zingwe za khonje. Kumanda amapita ndi ndodo, kukakhala pamizu. Mtumbira wa Mikaele amaulambula ndi Gladson, ndipo unaikidwa mtanda. Malata aja anafolera khola la mbuzi. Nyengo ya mvula Gladson amagonabe pakhonde. Ndiye mkulu wa adzukulu, ndipo m'dzenje sanalowemo mpaka lero.